Sewero Latsopano la Vitu

Kuti a Namakhwa, mkulu wa mpingo wa Sabata, avomere kukakhala mu holo ya pa esiteti ya tiyi n'kumaonera sewero, mwana wawo Keziya anachita kukhetsa thukuta. Bambowo zisudzo ankazitcha masewera a anthu osowa chochita. Mnyamata amene ankatsogolera zisudzozo ankangomuti "mphunzitsi wako uja," ngati kuti kutchula dzina lake kukanawaotcha lilime.

Dzina lake linali Vitu. Kwawo kunali ku Rumphi, ndipo ankaphunzitsa sitandade seveni pasukulu ya pa esitetiyo. Keziya ankamukonda moti akangomva belu la njinga yake kuseri kwa mpanda, mchere ankathira kawiri m'ndiwo. Koma kwa a Namakhwa mnyamatayu anali ndi milandu. Sanali wa Sabata. Kwawo amalowola mkazi n'kupita naye, pamene kuno ku Thyolo mwamuna ndiye amadzamanga pakhomo pa apongozi. Ndiye pamwamba pa zonsezo, zisudzo.

"Ababa, mungomuona kamodzi kokha," anatero Keziya m'mawa wa Lamulungu limenelo, atagwada pafupi ndi mpando wawo. "Muone ntchito imene amagwira. Mukapeza kuti ndi zachibwana, dzina lake sindidzalitchulanso pakhomo pano."

"Mwamva lumbiro limenelo, mayi a Keziya?"

"Ndamva," anayankha a Marita, akazi awo, ali kukhitchini. "Tiyeni tikaone basi. Mwana wachonderera mokwana."

A Namakhwa anapukuta magalasi awo nthawi yaitali, kenako anati awasitire malaya oyera aja. Keziya anathamangira kuchipinda kukabisa chimwemwe chake. Pafoni panali meseji ya Vitu: "Ndakusungirani mipando kutsogolo. Sewero ili ndalipangira iwe, wokondedwa." Anaiwerenga, n'kuiwerenganso, kenako anaika foniyo pachifuwa ngati mwana wa sukulu. Anthu akamakondana amapusa, ndipo Keziya anapusa mosangalala tsiku limenelo.

* * *

Njira yopita ku holo inkadutsa pakati pa minda ya tiyi. A Namakhwa anali patsogolo ndi ambulera yawo, a Marita pambuyo pawo, ndipo Tamando, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kankathamanga uku n'kubwerera uku, kudzakoka dzanja la Keziya.

"Achemwali, inu simuchita nawo lero?"

"Lero ayi. Lero tonse ndife oonerera."

Keziya ndiye anali mutu wa gulu la zisudzo la Mphukira kumbali ya atsikana. Gululo silinkalemba sewero papepala. Vitu ankabwera ndi nkhani m'mutu, n'kukhazika anzake pansi pa bulugamu kuseri kwa sukulu, n'kuwafotokozera. Aliyense ankadzipezera yekha mawu ake. Ndiye chakumapeto sewero linkaima, mmodzi n'kutsika pa siteji kukafunsa anthu kuti, "Inu mukuti bwanji, achite chiyani munthuyu?" Anthu a m'makomboni ankaikonda mbali imeneyo kuposa ina iliyonse, chifukwa ngakhale wothyola tiyi ankakhala woweruza kwa kanthawi.

Sewero latsopanoli Keziya sanalidziwe. Inali nyengo ya mvula, tiyi anali wambiri, ndipo anzake ankapeza mpata Loweruka lokha. Iye Loweruka ankakhala ku tchalitchi. Malo ake anatenga Stacy, mwana wa mmodzi wa mabwana a kufakitale, mtsikana wokulira ku Blantyre amene ankati akamalankhula ndi Vitu ankamuchotsa tizinyalala pamalaya pomwe panalibe kanthu. Keziya nsanje inkamugwira, koma ankadzilimbitsa mtima. Stacy angakhale ndi mafuta onunkhira ndi Chingerezi cha m'mphuno, koma chimene Keziya anapatsa Vitu sanapatsepo munthu wina aliyense.

Chimenecho chinali chinsinsi cha Tamando. Thyolo yense ankadziwa kuti kamtsikanako ndi mzime wa a Namakhwa, mwana wa muukalamba. Zoona zake zinali zakuti Keziya anatenga pathupi ali folomu thuu, mnyamata wake n'kuthawira ku Joni. A Marita anamutengera kwa azakhali ake ku Goliati, iwo n'kuuza anthu kuti akukadwazika matenda, ndipo pobwerera khanda linali kumsana kwa a Marita. A Namakhwa anakalipereka okha pamaso pa mpingo ngati lawo. Kuyambira pamenepo mwana amene Keziya anamubereka ndi ululu wake ankamuitana kuti achemwali.

Keziya anamuuza Vitu zimenezi m'chilimwe chathachi, atakhala pamwala wa pafupi ndi thanki ya madzi, chifukwa sankafuna kuti ankhoswe adzabwere pa bodza. Anamuuza zonse, ngakhale tinthu tating'ono timene amayi ake omwe sankatidziwa. Vitu analira naye. Anamugwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Zimenezi zafera mwa ine. Ndipo ndakukonda kuposa dzulo."

* * *

Mu holo munadzaza. Othyola tiyi, makapitawo, anamwino a ku mishoni, ana a sukulu atakhala m'mawindo. Anthu ataona a Namakhwa akulowa anagwedezana zigongono, ena n'kuimirira kuwapatsa njira. Vitu anasuzumira kuseri kwa masaka amene anawasoka kukhala katani, n'kumwetulira Keziya. Mtima wa Keziya unadumpha.

Katani atatseguka, mnyamata wina analengeza kuti dzina la sewerolo ndi "Achemwali."

Poyamba anthu anaseka kwambiri. Stacy anali Lizzie, mwana wa sukulu wonyengedwa ndi kamnyamata kovala jekete la eni ake. Ngakhale a Namakhwa anakhosomola mobisa kuseka. Koma Lizzie atayamba kusanza m'mawa, amayi ake n'kumutengera kwa azakhali kumudzi wakutali, Keziya anasiya kuseka. Anadziuza kuti atsikana otenga mimba pasukulu ndi ambiri. Anadziuza choncho mpaka pamene mayi wa m'seweromo anabwerera khanda lili kumsana, n'kuuza anansi kuti Mulungu wawakumbukira muukalamba.

A Marita anasiya kudzikupiza ndi mpango.

Kenako panabwera chimene Keziya sanauzepo munthu wina koma Vitu. Lizzie anakhala pampando, n'kukhazika kamwana kaja pakati pa miyendo yake, kuyamba kukaluka tsitsi. Keziya ankachita zimenezo Lachisanu lililonse, ndipo sankalola munthu wina kugwira mutu wa Tamando. Inali nthawi yokhayo imene ankamugwira mwana wake monga mayi, ndipo poti mwanayo ankakhala atamufulatira, inalinso nthawi yokhayo imene ankalira momasuka. Pa siteji Stacy ankaluka, misozi ili chuchuchu, holo yonse ili zii.

Ndiye Stacy anakweza maso, n'kuyang'ana mzere wakutsogolo, n'kuwonjezera mawu ake.

"Khazikika, mwana iwe, timalize dzuwa lisanalowe. Sabata layandikira, ndipo ababa ndi mkulu wa mpingo, asatipeze tikuluka."

Keziya anaona Vitu kumbali kwa katani akudzidzimuka, pakamwa pali yasa. Mawu amenewo sanali a Vitu, koma zinathandiza chiyani? Kumbuyo kunayamba manong'onong'o. Mabanja a Sabata ku Thyolo ndi ambiri, koma ndi angati amene ali ndi mtsikana amene anasowa pasukulu chaka chathunthu, ndi mzime wobadwa mayi atayamba kale imvi?

Keziya anafuna kudzuka. Dzanja la amayi ake linamugwira pamkono, zikhadabo zikulowa m'khungu.

"Khala pansi," ananong'ona a Marita, milomo isakugwedezeka n'komwe. "Ukadzuka wavomera."

Anakhala. Anaonerera Vitu mwini akulowa pa siteji ngati mnyamata wofunsira Lizzie. Anaonerera Lizzie akumuululira zonse. Anaonerera Vitu akugwira manja onse awiri a Stacy, mmene anagwirira ake pamwala paja, n'kunena ndi mawu onjenjemera kuti, "Zimenezi zafera mwa ine. Ndipo ndakukonda kuposa dzulo." Azimayi kumbuyo analulutira. Keziya sanadziwe kuti munthu angamve kuwawa kotero ali chikhalire, atavala diresi lake labwino, akumwetulira.

Pamenepo sewero linaima, ndipo Stacy anatsika kukafunsa anthu.

"Lizzie achite chiyani? Aulule kwa mwana, kapena akhale chete?"

"Aulule!" anakuwa bambo wina wa ku fakitale. "Mwana si mbuzi yoti n'kumangoisinthira khola!"

"Mlandu ndi wa makolowo," anatero mayi wina. "Munthu wotsogolera mapemphero n'kumanamiza mpingo? Amuchotse paudindo ameneyo!"

Anthu anaomba m'manja. A Namakhwa anali atayang'ana kutsogolo, chipewa chili pamaondo, nkhope ili gwa. Tamando ankangoyang'ana uku ndi uku, kusangalala ndi phokosolo. Stacy anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima pamaso pa Keziya, misozi ya m'sewero ija isanaume n'komwe.

"Nanga inu, a Keziya? Poti zisudzo mumazidziwa kuposa tonsefe, tithandizeni. Mukanakhala inu mukanatani?"

Holo yonse inatembenuka. Keziya anachotsa dzanja la amayi ake, n'kuimirira. Sanachitepo sewero lovuta ngati limeneli, ndipo analichita bwino. Anaseka kaye pang'ono, n'kugwira m'chiuno.

"Ine za mwanazo ndazisiyira akuluakulu," anatero mokweza. "Koma Lizzie ndingomulangiza chimodzi. Asamukhulupirire mnyamata uyo. Mwamuna wolumbira msanga choncho, mawa lomwe akaiimba nkhaniyo pamsika ndi ng'oma."

Anthu anafa ndi phwete. Ena anaimba likhweru, ena anati, "Wanena mwana wa a Namakhwa!" Amene ankanong'ona aja anayang'anana mokayika, chifukwa munthu wolakwa sangaseke choncho. Pa siteji Vitu anazolika mutu.

* * *

Keziya anali ataima kuseri kwa holo, pamene minda ya tiyi imayambira. Vitu anabwera akuthamanga, akali ndi jekete la m'sewero.

"Keziya, ndimvere kaye."

"Mwachita bwino, aphunzitsi. Anthu asangalala."

"Usandiitane choncho. Mayina ndinasintha onse. Bamboyo ndinamupanga kapitawo, za Sabata munalibe n'komwe. Stacy wawonjezera yekha zija, ndikulumbira."

"Mwayambanso kulumbira?"

Vitu anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ndimafuna anthu akumvetse. Ndimati akamulirira Lizzie lero, tsiku limene zako zidzadziwike adzakuchitira chifundo. Ndimafuna bambo ako aone kuti ine ndikudziwa zonse ndipo sindikuthawa. Ndinachitira chikondi, Keziya."

Chimene chinamupweteka kwambiri Keziya n'chakuti mnyamatayo ankaoneka kuti akukhulupirira zimene akunenazo. Anakumbukira mmene maso a Vitu ankawalira pamwala paja pamene iye ankafotokoza za kuluka tsitsi. Iye ankayesa ndi misozi ya chifundo. Mwina inalidi, koma kuseri kwa misoziyo munthuyu anali kale akuyala mipando pa siteji.

"Wawamva anthu ako achifundowo?" anafunsa Keziya. "Wawamva akuti ababa achotsedwe? Mwana wanga anali pomwepo, Vitu. Amaomba nawo m'manja."

"Sindinaganize kuti..."

"Stacy wadziwa bwanji kuti ndine?"

Vitu anayang'ana nsapato zake.

"Ndakufunsa."

"Sankalira bwino pokonzekera. Ankangoseka. Ndiye ndinamuuza kuti ndi nkhani yoona, kuti aimve mumtima."

"Ndi dzina langa lomwe?"

"Anachita kundikakamiza. Analonjeza kuti..."

Keziya anaseka, koma kuseka kwake kunali koipa. Chinsinsi chimene amayi ake anachisenza zaka zonsezi, chimene bambo ake anachimwira pamaso pa Mulungu wawo, chinagulitsidwa kuti mwana wa bwana alire bwino pa siteji.

Keziya asanayankhe, Stacy anatulukira pakona ya holo, atavala kale nsapato zake zazitali. Anayang'ana Keziya kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anagwira Vitu paphewa.

"Vitu, alendo a ku Blantyre oona za zisudzo aja akukudikira. Akuti sewero lathu alitenga ku mpikisano. Koma akufuna aliwonenso Lamulungu likubwerali ku Goliati." Anatembenukira kwa Keziya. "Mwayankha bwino mu holo muja, achemwali. Mudzabwerenso ku Goliati, eti? Ndamva kuti muli ndi abale kumeneko."

Anachoka akugwedeza chikwama chake. Keziya anamva ngati pansi pakupendekeka. Ku Goliati kunali azamba amene anamuchiritsa. Kunali azimayi amene ankamuona akutunga madzi mimba ili patsogolo, amene anakhala chete zaka zonsezi chifukwa panalibe wowafunsa. Kumeneko palibe angafunike kunong'ona.

"Lisiye seweroli," anatero Keziya. Ukali unali utamuthera, anali kungopempha. "Ngati unandikondapo, pita ukawauze kuti lathera pano."

"Keziya, mpikisano umenewu taufuna zaka zingati? Anzangawa avutika nalo Loweruka lililonse. Ndichotsa za Sabatazo. Ndichotsa za tsitsi. Ndimuuza Stacy..."

"Ndati ulisiye."

Vitu anayang'ana kumene kunalowera Stacy, kenako anayang'ana Keziya, kenako kumene kunalowera Stacy. Sananene kuti ayi. Anangoti, "Undipatse nthawi ndiganize." Keziya anatembenuka n'kumapita, ndipo ngakhale anayenda pang'onopang'ono mpaka pamsewu, sanamve mapazi akumutsatira.

* * *

Anabwerera kunyumba. Atafika pachipata a Namakhwa anaima, n'kupinda ambulera yawo mosamala.

"Mphunzitsi wako ndamuona," anatero. "Ntchito yake amaidziwa."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko cha kuchipinda. Keziya akanakonda akanamukalipira, ngakhale kumumenya kumene. Anapita kuseri kwa nyumba, n'kukhala pa kampando ka pafupi ndi thandala. Foni inkanjenjemera m'thumba. Meseji yoyamba inati, "Pepa, wokondedwa." Yachiwiri inati, "Tikambirane mawa." Palibe imene inati sewero lasiyidwa. Anazimitsa foniyo. Madzi akatayika sawoleka, ndipo iye ndi amene anawapereka m'manja mwa munthu wopanda chidebe.

Dzuwa linali litapendeka pamene Tamando anatulukira, chipeso chili m'manja. Sanathamange monga mwa masiku onse. Anabwera mwakachetechete, n'kukhala pansi pakati pa miyendo ya Keziya, n'kumufulatira.

"Mundiluke, achemwali."

"Lero si Lachisanu. Tsitsi lako likadali bwino."

"Mundiluke basi."

Keziya analandira chipesocho. Anamasula mzere umodzi n'kuyamba kuupesa. Analuma mlomo kuti lero, lero lokha, maso ake akhale ouma. Pakhomo la khitchini panaima a Marita, mbale ili m'manja.

"Achemwali."

"Ee."

"Lizzie uja amalira chifukwa mwana uja ndi wake, eti?"

"Ndi sewero chabe lija, Tamando. Anthu amangopeka."

Kamtsikanako kanaseweretsa kamwala ndi chala chakuphazi.

"Nanga inu mumalira chifukwa chiyani?"

Chipeso chinaima. "Ndani wakuuza kuti ndimalira?"

"Palibe. Ndimamva ndekha." Tamando anakweza dzanja n'kudzigwira kumbuyo kwa khosi. "Imadonthera apa. Lachisanu lililonse."

Keziya anakweza maso. Amayi ake anali kumupukusira mutu, pang'onopang'ono, maso ali odzaza ndi kuchonderera. Tamando sanatembenuke. Anangokhala momwemo, dzanja lili pakhosi, kudikira kuti munthu amene anali kumbuyo kwake amuuze kuti ndi ndani.